KULIMBANA NDI DZIMBIRI PA VANI YAKALE

M'midzi yambiri masiku ano mumapezeka munthu mmodzi kapena awiri amene ali ndi galimoto ija anthu amaicha vani. Kawiri kawiri galimoto yotere imafika m'manja mwa mwini wace itayenda kale zaka zambiri m'tauni kapena ku maiko a kunja. Ndiyo imene imanyamula cimanga ndi mtedza kunka nazo ku msika, ndiyo imabwera ndi feteleza mvula ikayandikira, ndipo usiku mai wapakati akayamba kubvutika anthu amathamangira kukagogoda pa khomo la mwini vani. Eni ace ambiri amasamala injini ndithu. Amayang'ana oilo m'mawa uli wonse, amathira madzi, ndipo injini ikasintha kaliridwe amamva msanga. Koma thupi la galimoto saliyang'ana konse. Cotsatira cace ncakuti vani zambiri zimagonekedwa pa miyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zirikuikiramo mazira, pamene injini yace ikali yamphamvu. Cimene caipha si cina ai, koma dzimbiri.

Dzimbiri siliononga maonekedwe okha. Pansi pa galimoto pali zitsulo zimene zimagwira masipuling'i, pali timapaipi ta mabuleki ndi ta mafuta, ndiponso pali malata amene okwera amapondapo. Izi zikadyeka, anthu onse a m'galimotomo ali pa ngozi. Oyesa magalimoto a Boma akapeza kuti chesisi yadyeka sapereka cikalata cololeza galimoto kuyenda pa mseu. Tsono mwini wace amataya njira yace yopezera ndalama cifukwa ca bvuto limene akadaliletsa kale ndi zitini ziwiri za utoto.

Dzimbiri nciani?

Citsulo cikakumana ndi madzi pamodzi ndi mpweya cimasanduka cinthu cina cofiira, cosalimba, congonyenyeka m'manja. Mpweya wocita zimenezi ndi uja aphunzitsi amaucha okosijeni, umene uli gawo limodzi mwa magawo 5 a mpweya umene anthu amapuma. Madzi okha sangathe kudya citsulo, mpweya wouma nawonso sungathe. Ziwirizi ziyenera kufika pa citsulo nthawi imodzi. Nchito yonse ya utoto woletsa dzimbiri ndiyo kutsekereza madzi ndi mpweya kuti zisakhudze citsulo.

Mphunzitsi angathe kusonyeza ana a sukulu zimenezi popanda kuononga ndalama. Atenge mabotolo 4 ndi misomali 4 imene yapalidwa ndi sandipepala mpaka kuwala. M'botolo loyamba athire madzi a pa citsime ofika theka la msomali. M'laciwiri athire madzi amene awiritsidwa kwa nthawi, pakuti kuwiritsa kumatulutsa mpweya m'madzi. Msomali umire wonse, ndipo pamwamba athirepo mafuta ophikira kuti mpweya usalowenso. Botolo lacitatu likhale louma ndi lotsekedwa zolimba. M'lacinai athire madzi a mcere ofikanso theka la msomali. Pakutha pa sabata imodzi ana adzaona okha kuti msomali wa m'madzi a pa citsime ndi wa m'madzi a mcere yafiira, pamene iwiri inayo iri pafupi kufanana ndi m'mene inalowera. Mcere supanga dzimbiri pa wokha, koma umalifulumizitsa.

Pali cinthu cina cimene mwini vani ayenera kucimvetsa bwino. Dzimbiri limatupa, ndipo limatenga malo akulu kangapo kuposa citsulo cimene ladya. Liri ndi timabowo ngati siponji, kotero limamwa madzi ndi kuwasunga ngakhale kunja kutauma. Ndi cifukwa cace likayamba pa kacironda kakang'ono, pamene mwala unagunda, limakwawa pansi pa utoto ndi kuutukula ngati matuza. Thuza limene lioneka kunja ngati kambeu ka mtedza, mkati mwace dzimbiri limakhala litafika kale patali.

Kumene limabisala

Vani zambiri za kuno, monga Toyota Hiace imene inayamba kupangidwa m'caka ca 1967, zimagulidwa zitagwira kale nchito ku Japan kapena ku Britain. M'zigawo zozizira za maiko amenewo amawaza mcere m'miseu nthawi ya cisanu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcerewo umamatirira pansi pa galimoto. Kenaka galimoto imaoloka nyanja ya mcere pa sitima kudzatsikira ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Durban. Motero ina imafika kuno itayamba kale kudwala, ngakhale kunja ikuwala.

Koma adani ena ali kuno komwe. Woyamba ndi matope a dzinja, amene amaunjikana m'madigadi ndi m'makona a chesisi, nakhala anyontho miyezi yambiri. Waciwiri ndi feteleza. Thumba limodzi likang'ambika, timibulu timagwera m'ming'alu ya pansi, timakoka cinyezi ca mu mpweya, ndipo timadya malata mofulumira ngati mcere. Madzi odontha ku nsomba zaziwisi ndi asidi wotaikira ku batire zimacitanso cimodzimodzi.

Pofuna dzimbiri munthu asayambe ndi mbali zoonekera. Acotse mipando imene ingacoke, atukule mphira kapena kapeti ya pansi, pakuti madzi olowa ndi mapazi a okwera amagona m'menemo. Ayang'ane pa citepe ca citseko cotsetsereka, kunsi kwa zitseko zonse, m'ngalande zimene zizungulira denga, m'mbali mwa mphira wa galasi la kutsogolo, ndi pa thireyi imene batire imakhalapo. Pambuyo pace alowe kunsi ndi tochi. Apa pali cenjezo lalikulu: munthu asalowe kunsi kwa galimoto imene yatukulidwa ndi jeke yokha. Aike zipika zocindikala za mtengo wolimba pansi pa chesisi, ndi miyala ku matayala. Njerwa siziyenera konse, cifukwa zimasweka mwadzidzidzi.

Eni Land Rover zakale asanyengedwe ndi thupi la galimoto yao. Kuyambira 1948 thupi la galimoto zimenezo linali la aluminiyamu, amene sacita dzimbiri lofiira, koma chesisi yace nja citsulo, ndipo imadyeka monga ina iri yonse.

Malo ali onse okaikitsa awagogode ndi nyundo yaing'ono ndi kuwabaya ndi sikuludiraiva. Citsulo camoyo cimalira bwino. Codyeka cimangoti phu, ndipo zidutswa zimayoyoka. Eni ena amaopa kubaya, amati angabooletu galimoto yao. Mantha amenewo ngacabe. Malo amene sikuludiraiva yalowa anali obooka kale, utoto wokha ndiwo unali kubisa.

Kuyesaku kumagawa dzimbiri patatu. Liripo la pamwamba, longa pfumbi lofiira, limene limacoka ndi sandipepala. Liripo lozama, limene lapanga makoko ndi timaenje koma citsulo cikali colimba. Ndipo liripo limene laboola. Utoto umathandiza pa mitundu iwiri yoyambayo. Pa mtundu wacitatu utoto ulibe mphamvu, ndipo za umenewo zinenedwa kutsogoloku.

Nthawi yace

Nchito imeneyi nja cirimwe. Miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okotobala ndiyo yabwino, pamene matope auma ndipo mvula siinafike. A ku Thyolo ndi ku Mulanje adikire kufikira ciperoni citatha, cifukwa utoto wopakidwa pa citsulo ca cinyezi umatsekera madzi mkati. Galimoto iime pa mthunzi, pakuti malata otentha ndi dzuwa amaumitsa utoto pamwamba pokha usanagwire citsulo. Nthawi yoyenera kupaka ndi m'mawa mame atauma, mphepo isanayambe kuulutsa pfumbi. Nkwabwino kuwaza madzi pang'ono pa bwalo kuti pfumbi ligone.

Kupala

Anthu ambiri amaganiza kuti nchito yaikulu ndi kupaka. Si conco ai. Pa masiku 4 a nchito, masiku 3 angathe kuthera pa kutsuka ndi kupala, ndipo m'menemo ndimo mogona zonse. Utoto wa mtengo wapatali wopakidwa pa makoko a dzimbiri umasupuka dzinja lisanathe. Utoto wamba wopakidwa pa citsulo coyera umakhala zaka.

Poyamba galimoto itsukidwe ndi madzi a sopo, makamaka kunsi, matope onse acoke, ndipo iume masiku awiri. Tsono mwini wace atenge cipalo, kapena cikwanje cakale cobuntha, agwetse makoko onse. Atatero akwece ndi burashi ya waya, natsiriza ndi sandipepala. Sandipepala iri ndi nambala kumbuyo kwace: nambala yaing'ono nja mcenga wokhakhala, yaikulu nja mcenga wosalala. Ya nambala 80 ndiyo yocotsera dzimbiri, ya 180 yosalazira. Amene ali pafupi ndi magetsi angabwereke galainda, koma agwire mosamala, popeza malata a vani ngopyapyala ndipo galainda imadya citsulo cabwino pamodzi ndi coipa.

Kupalaku kusalekezere pamene kufiira kwathera. Apitirize masentimita 3 kapena 4 mbali zonse kufikira apeze citsulo cowala pansi pa utoto wakale, cifukwa dzimbiri limayenda mobisala. M'mphepete mwa utoto wakale asalaze bwino kuti cala cisamve citunda pocoka pa utoto kufika pa citsulo.

Akamaliza apukute ndi nsanza yoyera yonyowetsedwa ndi thina. Parafini ndi dizilo siziyenera, pakuti zimasiya mafuta, ndipo utoto sugwira pa mafuta. Ngakhale thukuta la m'manja limaononga. Malo opukutidwa asagwidwenso. Citsulo copalidwa cisagone usiku cosapakidwa, cifukwa mame a usiku umodzi akwanira kucifiiritsanso. Kotero nkwanzeru kupala malo okhawo amene munthu angathe kuwapaka tsiku lomwelo.

M'timaenje ta dzimbiri lozama burashi siifika. M'masitolo a zitsulo muli mankhwala a madzi opangidwira zimenezi, ena a asidi wa fosifoliki, ena a tanini wonga uja apezeka m'makungwa a mitengo. Akapakidwa amasandutsa dzimbiri lotsalalo kukhala cikhungu cakuda colimba cimene utoto ungagwirepo. Mankhwalawa ngothandiza ndithu, koma amangofika pa dzimbiri lopyapyala. Pa makoko ocindikala amadetsa pamwamba pokha, kunsi dzimbiri likali lamoyo. Ena afunika kutsukidwa akauma, ena ai, ndipo nthawi yodikira imasiyana. Zonsezi zimalembedwa pa botolo, ndipo wosadziwa Cingerezi apemphe mphunzitsi amuwerengere.

Utoto

Utoto woyamba, umene umakhudza citsulo, ndiwo woletsa dzimbiri. Wodziwika kwambiri ndi wofiira uja amisiri amaucha redi okosaidi, umene amapaka pa mafelemu a mazenera ndi pa ngolo. Ulipo wina wotuwa umene muli zinki. Zinki ndi cija cimakutira malata a denga kuti asacite dzimbiri msanga, ndipo utoto wokhala ndi zinki wambiri umachinjiriza citsulo ngakhale pamene pakandika pang'ono, cifukwa zinkiyo ndiye amayamba kudyeka m'malo mwa citsulo. Masiku ano kulinso utoto umene pa citini pace palembedwa kuti ungapakidwe pa dzimbiri peni peni. Mau amenewo asanyenge munthu. Atanthauza dzimbiri lopyapyala logwira zolimba. Makoko, matope ndi mafuta ziyenera kucoka monga kale.

Asanatunge atakase utoto ndi kamtengo koyera kufikira zolemera za pansi zitasakanizika, pakuti mphamvu yace iri m'zimenezo. Apake mopyapyala, akukanikiza burashi m'makona ndi m'molumikizira malata. Kupaka kawiri mopyapyala kuposa kupaka kamodzi mocindikala, cifukwa utoto wocindikala umayenderera ndipo umauma kunja kokha. Pakati pa kupaka koyamba ndi kwaciwiri adikire nthawi imene yalembedwa pa citini. Ya utoto wa mafuta kawiri kawiri imakhala usiku wathunthu. Lita imodzi imakwana malo a mamita 10 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, kapena pafupi ndi pamenepo, kotero pa zigamba za vani imodzi malita awiri angakwanire.

Colakwa cimene cimaoneka kwambiri pa miseu ndi ici: vani ya mawanga ofiira imene yayenda conco zaka ziwiri. Mwini wace anapaka redi okosaidi naganiza kuti watha. Koma utoto woyamba uli ndi timabowo tosaoneka, ndipo pa wokha sungaletse madzi nthawi yaitali. Uyenera kubvundikiridwa ndi utoto waciwiri wonyezimira, wa enamelo, wopakidwanso kawiri, pasanapite masiku ambiri. Mtundu ukapanda kufanana bwino bwino ndi wa galimoto palibe kanthu. Cigamba cosiyana maonekedwe cimaletsa madzi cimodzimodzi. Cofunika kucenjera naco ndi kusakaniza mitundu ya utoto. Utoto wa selulozi, uja amapopera ku magalaja, ukaikidwa pamwamba pa utoto wa mafuta umaukwinyitsa ngati khungu la nkhalamba. Wokaika ayese kaye pa kamalo kobisika.

Kunsi kwa galimoto ndi m'madigadi, pamwamba pa utoto woletsa dzimbiri apakepo utoto wakuda wa phula, umene umapirira miyala yothamangitsidwa ndi matayala. Phula lisapakidwe pa dzimbiri losapala, popeza limabisa cironda pamene ciri kukula. Lisafikenso pa mabuleki, pa paipi ya utsi ndi pa injini. Timapaipi ta mabuleki tikapezeka ndi timaenje, asatipake utoto ai. Makaniko aikepo tatsopano.

Mkati mwa zitseko ndi mwa zitsulo za mphako burashi siingalowe. M'menemo amathiramo mafuta olemera kapena sera wopangidwira nchito imeneyi, kudzera m'mabowo amene alipo kale. Ambiri amathira oilo wakuda wocokera mu injini cifukwa ngwaulere. Oilo ameneyo amafewetsa mphira, ali ndi zoipa zimene siziyenera kukhudza khungu kawiri kawiri, ndipo akadonthera pansi amaipitsa nthaka ndi madzi a m'zitsime. Oilo watsopano wa theka la lita angacite nchito yomweyo.

Pamene pabooka

Bowo lifuna citsulo catsopano. Woocherera adule mbali yonse yodyeka kufikira pa citsulo cabwino, naikapo cigamba ca malata a kucindikala kofanana. Asanayambe, batire imasulidwe, mipando ndi kapeti zicoke, ndipo munthu wina aime pafupi ndi ndowa ya mcenga. Pafupi ndi thanki ya mafuta asaocherere thankiyo isanacotsedwe. Moto umapsereza utoto mbali zonse ziwiri za malata, ndipo amisiri ambiri amapaka kunja kokha. Kuseri kwa cigamba ndi kumene dzimbiri limabwerera msanga, kotero mwini vani aonetsetse kuti kwapakidwa.

Phala lija amalicha fila liri ndi nchito yace, ndiyo kusalaza malo opindika pang'ono citsulo cikali cathunthu. Liribe mphamvu yonyamula katundu, ndipo limamwa madzi likakhala poyera. Alipo ogulitsa osakhulupirika amene amatseka bowo ndi nyuzipepala kapena cidutswa ca sefa, namata fila, napopera utoto wowala. Wogula vani atenge maginito, ngakhale ocokera mu wailesi yakufa, awayendetse kunsi kwa zitseko ndi pa madigadi. Pa citsulo amagwira. Pa fila wocindikala amagwa.

Kudzisamala pa nchito

Pfumbi la dzimbiri ndi la utoto wakale siliyenera kulowa m'mapapo kapena m'maso. Kale utoto wambiri woletsa dzimbiri, makamaka wofiirira ngati lalanje umene ankapaka pa milatho ndi pa sitima, unali ndi mtobvu. Tsopano kwadziwika kuti mtobvu ndi poizoni amene amaononga bongo wa ana ndi kubvulaza mwana ali m'mimba, ndipo maiko ambiri anaika malamulo oletsa utoto wotere. Pogula munthu afunse utoto wopanda mtobvu. Popala galimoto yakale kwambiri abvale cophimba mphuno cogula ku sitolo ndi magalasi a maso, anyowetse sandipepala kuti pfumbi lisauluke, ndipo ana ndi amai apakati akhale kutali. Zobvala za nchito zicapidwe pa zokha.

Thina ndi utoto zimayaka msanga, ndipo nthunzi yace imayenda pansi kufikira pa moto umene uli patali. Fodya, mbaula ndi nyali ya koloboi zisayandikire. Popaka mkati mwa vani zitseko zonse zikhale zotsegula. Wakumva cizungulire aturuke pomwepo. Nsanza za utoto ziyanikidwe poyera, zisaunjikidwe m'nyumba, pakuti zina zimatentha zokha mpaka kuyaka. Zitini zotha zisasanduke zotungira madzi kapena zoyezera ufa, ngakhale zitatsukidwa motani, zibooledwe kunsi. Ndipo wocekedwa ndi malata atsuke bala ndi madzi a sopo, napita ku cipatala kukafunsa za katemera wa kafumbata. Matendawa sacokera m'dzimbiri ai, koma ku tizirombo ta m'dothi timene timalowa pa bala.

Pambuyo pace

Kunsi kwa citseko ciri conse kuli timabowo totulutsira madzi a mvula amene amatsikira pa galasi. Timabowoti timatsekeka ndi pfumbi, ndipo nthawi zina wopaka amatitseka yekha ndi utoto. Atitsegule ndi kawaya mvula isanayambe ndi pakati pa dzinja. Ponyamula feteleza, mcere kapena nsomba ayale pepala la pulasitiki, ndipo akatsitsa katundu asese ndi kutsuka. Mvula ikatha mu Epulo matope onse a kunsi acotsedwe, kapeti itulutsidwe pa dzuwa, ndipo mwini vani ayendere zigamba zace cimodzi cimodzi. Cigamba cimene caturutsa thuza cipalidwenso nthawi yomweyo cikali cacing'ono.

Utoto wotsala usungidwe cifukwa ca nchito imeneyi. Mlomo wa citini upukutidwe, cibvundikiro cikhomedwe zolimba ndi cidutswa ca thabwa, ndipo citini citembenuzidwe kamphindi kuti utoto utseke mpata wa mpweya. Ciikidwe pa malo ozizira pamene ana sangafike, ndipo pa cibvundikiro palembedwe mtundu wa utoto ndi mwezi umene cinatsegulidwa.